Vainess ndi Tauni Imene Inamezedwa

Vainess Malunga anabadwira ku Ntcheu, mwana wachitatu wa mphunzitsi wa mishoni. Unamwino anauyambira kwawo konko n'kukaumalizira ku Mangalande, kumene anakumana ndi Medson, mnyamata wa ku Mulanje woyeza magazi mu labotale. Atakwatirana anafuna kubwerera, koma nkhani zochokera kumudzi zinali zosagonetsa tulo. Mlongo wake wa Vainess, Yotamu, anatengedwa pasitolo yake dzuwa likuswa mtengo chifukwa cha mawu amene anatulutsa pa bawo, ndipo panalibe wodziwa kumene anamusunga. Boma linali litalowa paliponse, mumsika, m'basi, ngakhale m'kutalika kwa diresi la munthu. Choncho mu 1969 awiriwo ananyamula mwana wawo Naomi n'kulowera ku Canada.

Medson anapeza ntchito pachipatala china ku Etobicoke, dera la ku Toronto. Vainess anaipeza ku Aldwick, katauni ka m'mphepete mwa mtsinje kumadzulo kwa Toronto, ndipo nyumba anachita lendi komweko. Ankasamalira okalamba m'nyumba ya njerwa zofiira imene anthu a tauniyo anadzimangira okha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha.

Chimene chinamugwira mtima ku Aldwick si mtsinje kapena mitengo ayi. Linali boma lake. Khonsolo yonse inkakwana m'chipinda chimodzi pamwamba pa garaja ya ozimitsa moto, ndipo meya ankagulitsa misomali ndi penti tsidya la msewu. Tsiku lina m'nyengo yozizira makina otenthetsera nyumba ya okalamba anafa. Vainess anavala jasi, n'kuwoloka msewu, n'kuuza meyayo maso ndi maso. Iye anangotseka sitolo n'kumutsatira atanyamula sipanala.

"Bambo a Naomi," anatero Vainess madzulo ake, "ine lero ndalikalipira boma, ndipo boma landipepesa."

Mwa okalamba ake onse, amene ankagwirizana naye kwambiri anali a Doyle. Anali mkulu wamtali wogontha khutu limodzi, amene anagwira ntchito pachigayo cha tauniyo mpaka chinatsekedwa. Zina mwa njerwa za nyumbayo anaziyala ndi manja awo. Bedi lawo linali pawindo loyang'ana tchalitchi, kumene akazi awo anagona, ndipo m'mawa uliwonse ankayamba apereka moni kumandako asanalandire tiyi.

Chisankho cha 1971 chitayandikira, kunabwera a Thackray, a chipani cha Conservative, kudzapempha mavoti a uphungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo. Anali munthu wofatsa, wa mawu otsika, wodziwa kugwira dzanja la nkhalamba osalithamangira. Anaima m'chipinda chodyera nati, "Palibe munthu wa mu ofesi ku Toronto amene amadziwa Aldwick kuposa inu. Boma likhale laling'ono, likhale kutali ndi khomo lanu. Zanu muzigamula nokha."

Vainess anamva misozi ikubwera. Anaganiza za Yotamu. Sabata yomweyo anayamba kuyenda khomo ndi khomo akaweruka, kuwachitira kampeni a Thackray, mkazi wakuda yekhayo m'misewu yonseyo, agalu akumuuwa.

Medson sanamuletse, koma sanasangalale. "Mayi a Naomi, chikomekome cha mkuyu. Munthu amene akufuna mpando wa boma angadane bwanji ndi boma?"

"Inu mumaona ngati kulikonse ndi kwathu."

"Sindinatero. Ndangoti musamachite trust munthu chifukwa choti walankhula zimene mtima wanu umafuna kumva."

A Thackray anapambana, ndipo chipani chawo chinapitiriza kulamula chigawo cha Ontario.

Chaka chotsatira zinthu zinayamba mwakachetechete. Minda ya maapozi ya kum'mawa inagulidwa, mitengo n'kuzulidwa, ndipo phokoso la mathirakitala linkasendera mwezi ndi mwezi. Kenako kunayamba kuoneka amuna awiri a majasi aatali. Ankaimika galimoto yotuwa kuseri kwa nyumba ya okalamba, n'kumayeza bwalo, n'kukhoma tizikhomo topaka utoto wofiira mu udzu. Vainess atawafunsa kuti atumidwa ndi ndani, wina anamwetulira mwaulemu nati, "Ndi kafukufuku chabe, mayi." Atakafunsa meya, meyayo anayang'ana pansi. Nayenso sankadziwa.

A Doyle ankaonera zonsezi pawindo. "Munthu sayeza chinthu chimene sakufuna kuchitenga," anatero.

Kumayambiriro kwa 1973 nkhani inaphulika. Boma la chigawo linali litaganiza zophatikiza matauni aang'ono kuti apange mizinda ikuluikulu, ndipo pamwamba pa mizindayo padzakhala bungwe lina latsopano loyang'anira dera lonse. Aldwick inali yoti imezedwe. Khonsolo idzatha, ozimitsa moto adzalamulidwa kwina, ndipo nyumba ya okalamba idzapita m'manja mwa bungwe latsopanolo.

Anthu anadzaza holo ya tchalitchi mpaka ena kuima panja m'chipale chofewa. Meya atafunsa amene akukana, manja anakwera ngati mapesi m'munda. A Thackray analipo, atakhala kutsogolo, chipewa chili pabondo. Anamvetsera aliyense, kugwedeza mutu pamalo oyenera.

Vainess anaimirira. Anali asanalankhulepo pagulu la azungu chibwerereni.

"A Thackray, ine ndinakuyenderani khomo ndi khomo. Munatiuza kuti zathu tizigamula tokha. Taonani manjawa, tagamula. Nanga mukavota bwanji?"

A Thackray anamuthokoza pomutchula dzina. Anati nkhawa yake akuimvetsa, ndipo palibe amene amakonda Aldwick kuposa iwo. Anati nthawi zasintha, mapaipi a madzi ndi misewu sizidziwa malire a tauni, ndipo makhonsolo ambirimbiri ndiwo amakulitsa boma. Kuwaphatikiza, anatero, ndiko kulichepetsa.

"Simunandiyankhe," anatero Vainess.

"Ndikanena zonse mwanenazi kumene zikuyenera kumveka," anayankha, akumwetulira.

Lamulolo linadutsa m'nyumba ya malamulo, ndipo dzanja la a Thackray linali pakati pa ovomereza. Pa tsiku loyamba la 1974 Aldwick inasanduka dzina la dera chabe mkati mwa mzinda waukulu. Chikwangwani cha pamsewu chinazulidwa. Chipinda cha khonsolo anayamba kusungiramo mipando yothyoka.

Poyamba panyumba ya okalamba sipanasinthe zambiri, ndipo zimenezo n'zimene zinkamuopsa Vainess. Kunangobwera bwana watsopano, mayi waulemu wochokera ku likulu la dera, amene ankayankha funso lililonse ndi mawu akuti, "Ndikafunsa kumtunda." Denga litayamba kudontha pamwamba pa khonde, Vainess anaimba foni. Anamupatsa munthu wina, winayo n'kumupatsa wina, mpaka foni inaduka. Anaika chidebe. Chidebecho chinakhala pamenepo dzinja lonse, ndipo pamene amuna a majasi aja anabweranso, anachijambula.

Pambuyo pake anthu anauzidwa kuti nyumbayo ndi yakale, ndi yoopsa, denga lake likudontha. Okalamba onse adzasamutsidwira kunyumba yatsopano yansanjika pafupi ndi msewu waukulu wopita ku eyapoti, ndipo pamalo akalewo padzadutsa msewu.

Vainess anayankhula ndi mtolankhani wa kanyuzipepala ka m'deralo. Mawa lake bwana anamuitana mu ofesi, n'kumupatsa tiyi.

"Ndinu namwino wabwino, Mayi Malunga, ndipo sitikufuna kukutayani. Koma tsopano ndinu wantchito wa dera. Antchito a dera salankhula ndi anyuzipepala popanda chilolezo."

"Chilolezo cha ndani?"

"Cha kumtunda."

Anafika kunyumba nkhope itagwa. Medson sananene kuti ndinakuuzani. Anangomuvula jasi n'kuikoloweka. "Kuno samanga munthu," anatero pomutonthoza.

"Ndikudziwa. Kuno amakupatsa tiyi."

Tsiku losamuka linafika m'chilimwe cha 1976. Basi inaima pakhomo, ndipo a Doyle anakana kudzuka. Anagwira chitsulo cha bedi ndi manja onse awiri. Anyamata onyamula katundu anayang'ana bwana, bwana n'kuyang'ana Vainess, chifukwa aliyense ankadziwa kuti mkuluyo amamvera iye yekha.

Vainess anagwada pambali pa khutu lawo labwino. "A Doyle, tiyeni. Ndikhala nanu komweko."

"Kumeneko ndizimuona mkazi wanga?"

Vainess sanathe kunama, komanso sanathe kunena zoona. Anangoyamba kumasula zala zawo chimodzichimodzi, mofatsa, monga ankachitira powasambitsa. Mkuluyo anamulola. Zimenezi zinamupweteka Vainess kuposa akanamumenya.

Nyumba yatsopanoyo inali yoyera, yofunda, ya zikepe zokwerera. Windo la a Doyle linkayang'ana malo oimikapo magalimoto, ndipo silinkatseguka. Ndege zikamadutsa, makapu ankanjenjemera patebulo. Mkuluyo sanadandaule. Anasiya kulandira tiyi, kenako anasiya kulankhula, ndipo masamba asanathothoke m'mitengo anamwalira. Pamaliro, meya wakale uja anali mmodzi wa onyamula bokosi. Sitolo yake inali itatsekedwa.

Vainess anagwirabe ntchito kumeneko chaka china ndi theka. Anthu amene ankamudziwa kale ankati wasintha. Ankagwira ntchito yake bwinobwino, koma pamisonkhano ya antchito ankakhala kumbuyo, manja pamiyendo. Pa chisankho cha 1977 anabwera achinyamata a zipani zonse kudzagogoda pakhomo pake. Onse ankawamvetsera mpaka amalize, kenako n'kuwafunsa kuti ndani adzakhale ndi mphamvu yowakaniza iwo akapambana. Ambiri ankaganiza kuti sanamve bwino Chingerezi chake.

Mu 1978 Medson anapeza ntchito pachipatala cha ku Hamilton. Anasankha kukhala kunja kwa mzinda, m'katauni kena ka m'chigwa kamene kanali kadakali ndi khonsolo yakeyake. Vainess anayamba kupuma bwino. Anadzala nyemba ndi maungu kuseri kwa nyumba, Naomi n'kuyamba sukulu yapafupi.

Loweruka lina akuthirira mbewu, mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda kudzadziwana naye. Anacheza za nyengo ndi za ana. Atatsala pang'ono kupita, mayiyo anatembenuka.

"Mwamva? Akuti kuli akuluakulu amene boma linawatuma kudzaona ngati matauni athu onse sangangolowa mu Hamilton. Koma musade nkhawa. Phungu wathu ndi munthu wabwino kwambiri, watilonjeza kuti sizingatheke."

Vainess anathokoza mayiyo. Anaima pomwepo paipi ili m'manja, madzi akusefukira m'mizere ya nyemba, mpaka Medson anatuluka n'kukatseka mpopi.