Hatchi ya Malume pa Kompyuta ya ku Parishi

Malume anga anabwerako kundende ndi zinthu ziwiri: chifuwa chosatha ndi chesi. Anamangidwa nthawi ya chipani chimodzi, m'ndende ija ya konkuno ku Dowa imene pambuyo pake munalowa othawa nkhondo. Mlandu wawo sitinaudziwe, ndipo iwo sankayankhula. Ankatha tsiku lathunthu m'chigafa akusoka fodya, osatulutsa liwu. Koma ukawayalira bolodi la chesi pakamwa pankamasuka: kuseka, kunyogodola, ngakhale kutukwana pang'ono. Ine ndinaphunzira masewerawa ndili kale mphunzitsi, osati pokonda chesi ayi, koma kuti ndizimva mawu a malume.

Titangovotera zipani zambiri, wansembe wa parishi yathu analandira kompyuta. Anali munthu wabwino, koma wosatha kusunga chatsopano. Anandiuza kuti ukailembera mmene masewera ako a chesi anayendera, imakusonyeza pamene unalakwa. Ndinakafotokoza kunyumba ngati nkhani yoseketsa. Malume sanaseke.

"Imadziwa bwanji zimene munthu amaganiza?" anafunsa.

"Imawerengera patsogolo, malume. Imaona zonse zimene mungasunthe."

"Zonse?"

Lamlungu lake anavala jekete yawo ya kumaliro, nati ndiwaperekeze ku parishi. Mtima wanga unakana, koma malume sakanizidwa. Nkhungu inali itatsika kuchokera kumapiri a Ntchisi, ndipo njira yonse ndinkangomva chifuwa chawo patsogolo panga.

Mu ofesi munali mozizira. Makinawo anali atafunditsidwa chitenje pakona. Malume anaima pakhomo mpaka atauzidwa kuti alowe, ndipo anakhala pansonga ya mpando, manja ali pamaondo.

Anali ndi kasunthidwe kena ka hatchi ya pabolodi, koidumphitsira m'mphepete masewera atangoyamba. Amene anawaphunzitsa anali mnzawo wa m'ndende, pa bolodi lojambula pansi ndi khala, ndipo anali atagonjetsa nako aliyense wa ku Msakambewa. Anatchula masewera athu a dzulo lake osaphonya, wansembe akulemba. Makina analira ngati njuchi mumphika. Kenaka pambali pa hatchi ija panatuluka zizindikiro ziwiri za funso ndi nambala.

Lero ndikudziwa tanthauzo lake. Nambalayo imangonena amene ali patsogolo ngati onse awiri atasewera osalakwitsanso, zomwe kwathu kuno sizinachitikepo. Zizindikirozo zimati pali yankho la mnzako limene sunalione, bwerera pabolodi, ulifufuze ndi manja ako, ulidziwe. Wansembe anayesa kunena zomwezi. Koma malume anaphunzira kwina kuti munthu wa mu ofesi akaika chizindikiro pa zimene wachita, nkhani yatha.

"Yalemba chiyani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ikuti hatchi yalakwika pamenepa, bambo. Palibe choopsa."

"Imasunga zimenezi?"

"Kwambiri!" anatero wansembe monyadira. "Ngakhale chaka chamawa tidzazipeza."

Ndinalakalaka nditawatsina wansembewo. Ndinachita mantha, chifukwa nkhope ya malume inali itasanduka ija anabwera nayo tsiku lotuluka.

"Mawu awo ali pamwambawo ndi otani?" anafunsanso malume.

Wansembe anayang'ana, kenaka anandiyang'ana ine. Anali atalemba maina athu awiri poyamba paja, monga makinawo amafunira.

Malume anaimirira pang'onopang'ono. Anavula wotchi naiika patebulo. Anamasula lamba, namupinda bwinobwino pambali pa wotchiyo. Atawerama kuti amasule zingwe za nsapato, ndinawagwira mkono, koma anandikankha osandiyang'ana.

"Mwana wa mlongo wanga uyu alibe mlandu," anauza wansembe. "Amangosuntha zimene ndamuuza. Mufufute dzina lake. Ine ndakonzeka."

Wansembe anazimitsa makina, nalumbira kuti zonse zafufutika. Malume anangogwedeza mutu mwaulemu, ngati munthu amene anamvapo kale malonjezo otere.

Masana ake ndinayala bolodi pakhonde, ndikudzinamiza kuti zadutsa. Anabwera, nakhala, nayang'ana hatchi yawo nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana kumsewu, ananyamuka, nalowa m'chigafa. Anakhala ndi moyo zaka zina ndithu, koma kuseka kwawo sindinakumvenso.