Bokosi Limodzi, Mayina Awiri

"Ikapanda kugwira ntchito pofika folo koloko, mawa ubwerere ku tsache lako." Abwana ananena izi osamuyang'ana n'komwe.

Inu amene mwatopa ndi kulephera, imvani za mtsikana ameneyu. Anzake ankangomutcha Watsache. Mayeso a sekondale anamukana kawiri, ndipo kwa zaka zitatu ankasesa mu ofesi ya anthu olemba mapulogalamu a kompyuta. Ena akapita kukadya masana, iye ankakhala pa kompyuta yakale ya pakona n'kumadziphunzitsa. Atachonderera miyezi yambiri, abwana anamupatsa mwayi umodzi wokha: apange pulogalamu yolembetsera odwala pa kachipatala kena.

Pulogalamuyo inali ndi mawindo awiri, kapena kuti masamba oonekera pa kompyuta, la mayi ndi la mwana, lililonse lofunika bokosi lolembamo dzina. Watsache anapanga bokosi la mayi, kenako analemba mzere umodzi wa malangizo wonena kuti la mwana ndi lofanana nalo. Mumtima anati wakopera, yatha.

Poyesa, zinthu zinasokonekera. Atatsegula windo la mwana, bokosi la pa windo la mayi linasowa. Atalemba dzina la mwana, la mayi linafufutika. Apa n'kuti ili thiri koloko.

"Mayi wasanduka mwana!" anaseka mkulu wa olemba mapulogalamu, ataima kumbuyo kwake. "Izitu si zokolopa, chemwali."

Anthu oseka mnzawo ali pamoto amandinyansa, sindibisa.

Anayesanso katatu, koma zinali zomwezo. Misozi inalengeza m'maso. Kenako anasiya kulimbana nazo, n'kulamula pulogalamuyo kuti iwerenge mabokosi amene alipo. Inayankha kuti limodzi.

Apa m'pamene anazindikira. Mzere uja sunapange bokosi lachiwiri, unangopatsa bokosi lomwe lija dzina lina. Zinali ngati anthu awiri okhalira mpando umodzi, wina akaukoka mnzake amagwa pansi.

Anafufuta mzerewo. Anapanga bokosi latsopano, n'kumakopera za bokosi la mayi chimodzi ndi chimodzi: kukula kwake, mtundu, kalembedwe ka zilembo. Poyesa, bokosilo linaoneka, koma silinasunge dzina. Anali ataiwala kuliuza chochita munthu akalembamo. Anamaliza kukonza kutatsala mphindi zinayi.

Abwana anakhala pansi, analemba dzina la mayi, kenako la mwana. Mayina onse awiri anakhazikika. Anabwereza kachiwiri, kenako anamufunsa:

"Wakuthandiza ndani?"

"Palibe, bwana. Ndinalakwitsa ndekha, ndakonzanso ndekha."

Abwana anatembenukira kwa mkulu uja. "Vuto lomweli lakhala mu pulogalamu yanu milungu iwiri. Mawa mumupezere desiki pafupi ndi yanu, akufotokozereni."

Nanunso zikakana, musafulumire kudzitcha mbuli. Pukutani misozi, fufuzani pamene palakwika, yambiraninso ngakhale patatsala mphindi zochepa. Zina zonse zitayike, koma mtima wokhawo musautaye.