Tsiku Limene a Galasi Anamwaza Mchenga

Ankawatchula a Galasi chifukwa pansi pamene apukuta iwo munthu umatha kudziona nkhope. Anakalambira m'nyumba yakale yosungiramo zinthu zamakedzana, atagwada, nsanza kumanja, chitini cha polishi pambali. Ukaponda ndi matope, ayi ndithu, umamva zako.

Koma achemwali awo, oyendera ndodo ziwiri chibadwire, anali asanalowemo. Masitepe a pakhomo anali ataliatali, ndipo mayi aja ankakana kunyamulidwa. "Sindine thumba la makala ine," ankatero.

Chaka chino akalipentala anaika chokwerera cha matabwa chopanda masitepe, m'kati namo anayala makapeti kuti okalamba asamaterereke. A Galasi zinawapweteka kuona pansi pawo pataphimbidwa. Tsono m'mawa wa tsiku la mwambo wotsegulira chokwereracho anaona matabwa aja ali mbuu, manja anawayabwa. Anapaka polishi, kupukuta, kubwerezanso, mpaka panali waliwali!

Minibasi ya alendo itaima pageti, a Galasi anatsika pa matabwa paja kuti akawalonjere. Phazi linangoti tereree! Akanapanda kugwira chitsulo cha m'mbali akanathyoka msana. Kalanga ine, anali atatchera anthu msampha ndi manja awo.

Alendo anali akutsika kale. Patsogolo pa onse panali achemwali awo atavala diresi ya kutchalitchi, ndodo zikugogoda. Abwana anali ataima pakhomo ndi akuluakulu, wojambula atakonzeka. Kuwauza? Pamaso pa alendo onsewo? Ntchito ikanathera pomwepo. Kukhala chete? A Galasi anayang'ana mphira wakutha wa kunsi kwa ndodo zija. Mantha anawagwira zenizeni.

"Achimwene, tapatukani, lero ndilowa ndekha!" anafuula achemwali, atatsala pang'ono kufika.

A Galasi anathamangira kuseri kwa chitseko, nanyamula ndowa yofiira ya mchenga wozimitsira moto. Anaukhuthula pa matabwa paja, nayamba kuumwaza ndi nsapato, kukwecha kuwala konse kuja.

"Mwapenga kodi, bambo inu?" anakalipa abwana.

"Ndinapakapo polishi, bwana. Pakuterera."

Achemwali anaika ndodo yoyamba pamchenga. Inagwira. Yachiwiri nayo inagwira. A Galasi ankayenda chafutambuyo patsogolo pawo, manja atatambasula, osapuma bwino, mpaka mayi aja anaponda kapeti ya m'kati.

Atapuma wefuwefu, achemwali anacheuka kuyang'ana mchenga uja, kenako mlongo wawo.

"Zaka zonsezi kutinyadira kuti mumawalitsa pansi, ukhondo wake ndi umenewu?"

A Galasi anafuna kuseka, koma misozi ndiyo inatsogola. Abwana anali akuwakodola kuti apite ku ofesi, iwo osawaona n'komwe.

"Lowani, achemwali," anatero. "Muone kumene ndakalambira."