Mbale ya Amalume a Filipo

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kumene kuja kungatchedwe kugona. Ndinali nditatsamira khoma kumutu kwa bokosi la anganga, amayi a mayi anga, pamalo pamene anandikhazika chifikire kuchokera ku Limbe. Mwendo unali utachita dzanzi chifukwa mayi wina wa kwaya anausandutsa mtsamiro. M'nyumba munali amayi okhaokha, ena akuliza mkonono, ena akung'ung'udza nyimbo imene inawatsalira pakamwa. Panja mwera unkaomba, ukulowetsa mchenga pansi pa chitseko. Ndinamva adzukulu akutola makasu kupita kumanda, kenaka ndinamva amalume a Filipo akukhosomola kuseri kwa nyumba. Chimwalirire anganga dzana lake, amalume anali asanaikepo kanthu kukamwa kupatula madzi.

Amalume a Filipo ndi mwana womaliza wa anganga. Ali ndi imvi tsopano, koma malungo aakulu anawagwira ali aang'ono ndipo nzeru zawo zinaima pomwepo. Savuta munthu. Amasesa pabwalo, amaingitsa akhwangwala pa thandala loyanikapo usipa, amaseka akaona mbuzi ikuthawa galu. Vuto lawo ndi limodzi: chakudya salandira kwa wina aliyense koma kwa mayi awo. Anganga ankakhala pansi mowafulatira, kulawa kaye chakudyacho, ndiye kukankhira mbale kumbuyo osacheuka. Munthu akawayang'ana, amalume sadya. Anansi anayesapo kuchita chimodzimodzi anganga akudwala, koma amalume anakana, mpaka anganga ankadzikoka okha pamphasa kuti alawe phala.

Ine ndinakulira m'nyumba imeneyi amayi anga atamwalira. Ndinachokamo mochedwa, anzanga onse atakwatiwa kale, anganga atachita kundikankha okha kuti ndipite. Ku Limbe ndinapeza ntchito yosoka ndi kachipinda kanga, koyamba m'moyo wanga kukhala ndi chitseko chotseka ndekha. Abwana anandiuza kuti ndikachedwa kubwerera, makina apatsa wina. Chikwama changa ndinali nditachimanga kale, kudikira lole ya m'mawa mwake.

Kutayera, amayi anasonkha moto kuseri. Utsi unkangozungulira ndi mphepo, ndipo aliyense wolowa m'nyumba ankalowa maso ali psuu, osadziwika ngati ndi chisoni kapena nkhuni zaziwisi. Chifukwa cha mwera asodzi sanalowe m'madzi, choncho gombe lonse linakhamukira kwathu. Anabwera a ku Malindi, anabwera a kumtunda ndi mitolo ya nkhuni, anabwera abambo achisilamu ndi zikofiya zawo n'kukhala pansi pa mlambe pamodzi ndi akuluakulu a mpingo. Zonsezi ndinkaziona kudzera pakhomo, chifukwa wokhala kumutu kwa maliro sadzuka mwachisawawa. Aliyense wolowa ankagwada, kundigwira dzanja, kunena pepani, kenaka kufunsa motsitsa mawu ngati amalume adya.

Palibe amene ananena poyera, koma tonse apachibale tinkadziwa nkhani yake. Amene amalume alandire mbale m'manja mwake, ndiye atsala pamudzi.

Amayi aang'ono, amene amakhala ku Lilongwe, ndiwo anayamba kuyesa. Anatenga tiyi ndi chinangwa, n'kukaima pamaso pa amalume, pabwalo, anthu onse akuona.

"Achimwene, idyani. Taonani kuno, ndine mlongo wanu. Idyani."

Amalume anabisa nkhope m'maondo. Kenaka anapita amalume aakulu a ku Zomba, amene anapuma usilikali, ndipo anawalamula ngati ali pa perete. Sizinathandize. Onse awiri anabwerera akupukusa mitu, koma mapewa awo atapepuka. Zinandipsetsa mtima. Anthu amenewa anakulira pakhomo pomwepa, amadziwa bwino lomwe kuti munthu amafulatira. Anayesa dala molakwika kuti mudzi uone kuti ayesa. Koma ndikanawanena chiyani, pomwe inenso ndinali nditakakamira kumutu kwa bokosi ngati kuti mwambo wandimata ndi ulimbo? Malo amene ankandipweteka msana aja ndiwo ankandibisa.

Dzuwa litakwera anatulutsa bokosi, mwambo unayamba. Mkulu wa mpingo anawerenga mbiri ya anganga, ndipo sananame ngakhale pamodzi. Amuna awo anatsala m'nyanja iwo ali ndi mwana kumsana. Sanakwatiwenso. Analera ana ndi usipa woyanika, ndi mpunga wa kudambo, ndi nkhuni zosenza kuchokera kuphiri. Loweruka lililonse ankasesa m'tchalitchi, Lamulungu ankayamba ndiwo kufika, Filipo ali pambuyo. Ine ndinakumbukira zina zimene mkuluyo sanazidziwe: momwe ankandisungira chipsera cha mpunga pansi pa mbale, momwe ankanditukwanira mwachiyao ndikapsereza ndiwo kenaka n'kudya ndiwozo okha. Ndinawakonda anganga kuposa munthu aliyense padziko, ndipo ndinalira mpaka chitenje chinanyowa.

Kenaka mkulu uja anati, "Mayi awa sanagonepo kunja kwa mudzi uno ngakhale usiku umodzi, chifukwa cha mwana wawo. Ukwati wa mwana wawo wamkazi ku Lilongwe sanapiteko. Chikhulupiriro chotere chisathere m'manda, abale."

Anthu anavomera. Amayi aang'ono anandisisita pamsana nanena mokweza kuti oyandikana nawo amve, "Uyu ndiye anatengera anganga ake. Mtima, mayendedwe, ngakhale mawu." Amayi a mumpingo anandicheukira akumwetulira mwachifundo. Sindinayamikiridwepo chotero chibadwire, ndipo sindinachitepo mantha chotero.

Ulendo wa kumanda unali wapang'onopang'ono chifukwa cha mchenga. Abambo ankalandirana bokosi, achikhristu ndi achisilamu omwe, kwaya ili patsogolo, mphepo ikumwaza nyimbo. Amalume a Filipo ankayenda pambuyo penipeni pa bokosi monga ankayendera popita kutchalitchi, koma akudzandira. Milomo yawo inali itauma mbuu. Pamene adzukulu anayamba kukwirira, amalume anaimirira m'mphepete mwa dzenje nati, "Atulutseni kaye. Amayi sanadye."

Atatero anagwa chokhala. Anawathira madzi kumaso. Mayi wina wachikulire amene sindimudziwa anayang'ana ife apachibale mmodzimmodzi, n'kulavula pansi.

Titabwerera anthu anasamba m'manja, anadya, anayamba kubalalika. Amayi aang'ono anati galimoto imene anabwera nayo siyenda bwino mumdima. Amalume aakulu anandiitanira pambali.

"Mwana wanga, za a Filipo usade nkhawa. Tidzakhala pansi bwinobwino tikadzabwera kudzamanga chiliza."

"Chiliza n'chaka chamawa, amalume. Munthuyu sanadye."

"Njala ikawapweteka adya okha," anatero akuyang'ana kumsewu.

"Inenso ndikunyamuka mawa," ndinatero. Anagwedeza mutu ngati avomera, koma ndinaona kuti sanandikhulupirire.

Pofika madzulo pabwalo panangotsala phulusa, mafuwa ndi mapazi a anthu mumchenga. Amayi awiri achikulire amene anatsala kuti andigoneke anali atagona kale m'chipinda ndi kutopa. Pamene panali bokosi panali mphasa yokha. Mphepo inaleka, ndipo nyumba inangoti zii. Amalume a Filipo anali atakhala pakhonde, atatsamira mzati, akupuma mofulumira ngati nkhuku yodwala.

Ndinadziuza kuti ndingophika phala, chifukwa kuphika si kulonjeza. Ndinadziuzanso kuti akana, monga anakanira anansi, ndipo ine ndikwera lole ndi mtima woyera. Ndinatuluka ndi mbale, ndinakhala pansi mowafulatira. Ndinalawa, n'kukankhira mbale kumbuyo. Ndinafuna kupemphera, koma sindinadziwe choti ndipemphe: kuti adye, kapena kuti akane.

Panapita nthawi. Kenaka ndinamva supuni ikugunda mbale. Inagundanso. Misozi inayamba kutsika, koma sindinacheuke, sindinafwenthe n'komwe, kuopa kuti angasiye. Ndinakhala choncho, msana uli kwa iwo, mpaka ndinamva akukokota.

Mbale inandigunda pang'ono m'chiuno, yopanda kanthu.

"Mawa uthire shuga wambiri," anatero amalume.

"Chabwino, amalume," ndinayankha.