Mphindi Zisanu ndi Imodzi M'khonde la Chipatala

Amuna anga anayamba kudwala mapapo tili ku Sheffield. Madokotala anati mapapowo akuuma, ndipo panalibe mankhwala kupatula kuwaika mapapo a munthu wina. Koma kuti akhale pa mndandanda wa odikira, ankayenera kukhala ndi mphamvu zopirira opaleshoni. Ndiye Lachiwiri ndi Lachinayi ndinkasinthana shifiti ndi manesi anzanga, n'kupita nawo kuchipatala kukalimbitsa thupi.

Mayi wachizungu wophunzitsa masewerawo ankawayendetsa m'khonde kwa mphindi zisanu ndi imodzi, akukoka botolo la okosijeni. Kenako ankawakweza panjinga yosayenda. Munthu amene kale ankapalasa kuchoka ku Jali mpaka ku Zomba ndi matumba awiri a chimanga, apa ankaima pasanapite nthawi, milomo itada bii.

Kunyumba ndinkawakakamiza kukwera masitepe. Tsiku lina anakhala pansi pakati pa masitepewo.

"Mayi a ana, tikuvutikiranji? Tikungodikira kuti mwana wa eni ake afe."

"Musamalankhule choncho, bambo. Dzukani, atsala anayi."

Anadzuka.

Foni yotiuza kuti mapapo apezeka inalira kamodzi kokha, m'chaka chachiwiri, tikudya nkhomaliro. Ambulansi inatitengera kuchipatala chachikulu cha mumzinda wina. Anawasambitsa, kuwameta pachifuwa, tinapemphera. Patapita maola angapo dokotala analowa, nati mapapo aja apezeka kuti si abwino. Tinabwerera kunyumba.

Nyengo yozizira itafika anadwala chibayo, nagona m'chipatala milungu itatu. Anatuluka miyendo itatheratu. Atawayesanso m'khonde muja, sanafike ngakhale theka la mtunda umene ankayenda kale. Mayi uja anawagwira pamkono n'kuwakhazika pampando, maso ake osafuna kukumana ndi anga. Mwezi womwewo madokotala anatiitana kukatiuza kuti awachotsa pa mndandanda: thupi silikanapirira mpeni. Amuna anga anathokoza dokotala mwaulemu, nandipempha jekete lawo.

Ine ndine amene sindinavomere. M'mawa uliwonse ndinkawauza kuti akweze miyendo ali pampando, ine ndikuwawerengera mokweza mawu, ati mwina angawabwezere pa mndandanda. Chonsecho ndinkadziwa, monga nesi, kuti sizingatheke. Iwonso ankadziwa, koma ankakweza ndithu kuti ndisakhumudwe.

Anamwalira mu Meyi. Masiku amene ankafuna kungokhala nane n'kumacheza za kumudzi, ine ndinawathera powerenga miyendo.