Mabotolo awiri aja anali atatu

Mwaswera bwanji ana anga nonse.

Lero ndagwa m'munda wa tiyi. Musade nkhawa, sindinathyoke, bondo lokha ndi lomwe lasupuka.

Paja nesi anati ndi mapiritsi a BP awa ndisamapyole mabotolo awiri a mowa. Masana ndinapita kushopu pa Ruda, mowa wanga wa 4% kunalibe. Mayi wogulitsa uja anandipatsa wa 6%, amvekere, "Sekuru," ndiye kuti agogo m'chiyankhulo cha kuno, "kusiyana kwake ndi 2 chabe, palibe nkhani." Ndinamwa awiri anga ndekha pabenchi, poti a Phiri amene tinkakhala nawo pamenepo tinawaika mwezi watha.

Pobwerera ndinadzera chidule cha m'tiyi. Mutu unazungulira, ndinangozindikira ndili chagada pakati pa mizere.

Nzeru zinabwera ndili chigonere. Zaka zonse ndinkathyola tiyi zija, dengu likachoka pa makilo 4 kufika pa 6, msana unkadziwa kuti si "2 chabe", katundu wawonjezeka ndi theka. Ndiye kuti botolo lililonse linali limodzi ndi theka. Awiri aja anali atatu.

Koma chandiwawa ndi china. Ndinagona pamenepo mpaka mthunzi unachoka kumapazi n'kufika kumutu. Foni inali m'thumba, sinalire ngakhale kamodzi. Ndadzuka ndekha, ndafika kunyumba, palibe wondifunsa za matope ali kumsanawa.

Ndiye inu mukuti bwanji? Ndingousiya mowawo? Kapena mmodzi wa inu azindiimbira madzulo, kuti tsiku lomwe sindidzayankha mudzadziwe kokandifuna?