Tsiku Limene Otsile Anakafunsa za Mbuzi

Ku Selebi-Phikwe kuno aliyense wokonda sofutibolo anawakalipirapo Rra Mosimanegape, ine ndemwe. Mkuluyu wakhala akuyimbira masewero athu a Loweruka kuyambira mgodi wa m'tauni muno usanatsekedwe, malipiro ake magwinya, mandasi akuno, ndi botolo la madzi basi. Amawerama kumbuyo kwa wowakha mpira, nkhope ili m'kachitsulo kotchinga, ndipo akagamula agamula. Akazi awo anamwalira, ana ali ku Gaborone. Bwalo lafumbi lija ndiye kwawo kwenikweni.

Chaka chino akomiti anayamba kunong'onezana kuti akalamba, mawondo akuwakana. Mma Segomotso, wapampando, anabwera okha kudzaonerera, atanena poyera kuti akangowaona akudzandira, basi akapume.

Masewero a tsikulo anali otentha. Wothamanga wa timu inayo anatsetsereka pa besi yomaliza, kachizindikiro ka pansi kogoletserapo, fumbi koboo, Otsile wowakha wa timu yathu n'kumukhudza ndi mpira. Rra Mosimanegape anatambasula manja.

"Wafika!"

Otsile anavula chisoti n'kuchiponya pansi. "Madala, maso mwawasiya kunyumba? Ndamugunda mwendo ameneyu!"

"Wamugunda atafika kale, mwanawe. Vala chisoticho, dzuwa lingakuphikire kaubongo kotsalako."

Tonse tinakuwa, tili kumbali ya Otsile.

Posakhalitsa mpira unapala ndodo ya womenya n'kukawagunda akuluwo paphewa, pomwe chotchinga sichifika. Tinamva kuti phuu! Anapepesuka, dzanja likufufuza poti agwire, ndipo Mma Segomotso anaimirira. Ndinawamvera chisoni akuluwo.

Apo Otsile anadzuka osacheuka n'komwe, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono ngati wopita kumaliro, kulunjika kwa woponya mpira. Ndi mmene timachitira: woyimbira akapwetekeka, wowakha amapita kukanamizira kupangana nzeru ndi woponya, kuti munthu apezeko mpweya popanda wonena kuti masewero aimira iye. Koma kwa mnyamata wonyozedwa kumene pagulu, sindinaziyembekezere. Woponyayo anadzatiuza pambuyo pake kuti Otsile ankangomufunsa za mbuzi za amalume ake, imodziimodzi, mpaka yothyoka mwendo yomwe.

Pobwerera anapeza akuluwo atawongoka, akusesa besi ndi kaburashi kawo. Mma Segomotso anakhalanso pansi.

Mpira wotsatira unadutsa m'mphepete penipeni. Ukanawerengedwa wabwino, womenyayo akanatuluka, ife n'kupambana.

"Wadutsa kunja!" anafuula Rra Mosimanegape.

Otsile anagwetsa mutu. "Aa, madala inu! Ndikanangokusiyani mugwe."

"Ukanatero ndithu, mwanawe," anayankha akuluwo. Anamugwira paphewa mwachangu, ngati akumusasa fumbi. "Werama tipitirize. Ndipo uzolowere, Loweruka likubwerali ndili pano."